Chilombo cha m'kabati ya ku Smethwick

Tamanda ndi Mphatso, ana anga, mwakhala mukundiumiriza kuti ndilembe za moyo wanga popeza tsopano ndinapuma pa ntchito ndipo chatsala n'kukangana ndi mawondo basi. Za ubwana wanga ku Dowa ndizidumpha. Zaka khumi ndi zisanu zimene ndinagwira unamwino ku Malawi ndizidumphanso, kupatula kunena kuti ndinachokako nditatopa ndi kuchapa magolovesi oyenera kutayidwa n'kumawayanika padzuwa. Mutu uno ndi wa zaka za ku England, makamaka za mmene bambo anu anachokera pa mpando wa akulu a mpingo. Mbali zina munazimva kwa anthu pakhomo la tchalitchi. Kwa ine simunamvepo kanthu.

2001, Tipton

Malo anga oyamba anali nyumba yosamalira okalamba ku Tipton, m'mbali mwa ngalande ya madzi akuda imene eni ake amainyadira ngati mtsinje. Ndinafika ndili ndi zaka makumi anayi ndi chimodzi, munthu woti kwathu ndinkayang'anira wadi yonse, koma kuno anati ndiyambe ndaphunzira kaye pansi pa munthu wina asanandilembe m'kaundula wa anamwino. Wondiyang'anirayo anali metironi wina dzina lake a Doreen, mayi wamfupi wosuta fodya ngati uvuni wa njerwa. Sanali munthu woipa. Vuto lake linali lokhulupirira kuti munthu wakuda akapanda kumva, mankhwala ake n'kukweza mawu. Ine ndiye sindinkamvadi, chifukwa Chingerezi cha ku Tipton si chija tinaphunzira kusukulu. Mawu amatuluka atatafunidwa kale. Kwathu tinkasowa magolovesi. Kuno magolovesi anali mabokosimabokosi, chosowa chinali manja oti awavale. Okalamba anali odzaza nyumba, ife owasamalira owerengeka, ndipo belu loitanira silinkapuma.

Panali agogo ena aakazi amene ankakana kuti ndiwasambitse. Ndinkawamvetsa poganiza kuti vuto n'loti ndine mwamuna, mpaka tsiku lina ndinapeza mwamuna mnzanga wachizungu akuwasambitsa, iwo akuimba nyimbo mosangalala. Ndinatseka chitseko pang'onopang'ono n'kupita kukasintha nsalu za pabedi lina. Chaka chimenecho ndinaphunzira luso limene landidyetsa komanso landiwononga, lokhala chete nkhope ikumwetulira.

2003, Birmingham

Nditalembedwa m'kaundula ndinapeza malo pa chipatala chachikulu cha boma mu Birmingham, pa wadi ya okalamba othyoka mafupa. Chaka chomwecho inu ndi mayi anu munabwera, tinachita lendi kanyumba kaja ka ku Smethwick kufupi ndi Cape Hill, kumene mayi anu anapeza sitolo yogulitsa therere ndi nsomba zouma n'kulengeza kuti dziko lino n'lokhalika. Bwana wanga anali sisita Bernadette, mayi wa ku Ireland amene anafika kuno ali mtsikana ndipo ankadziwa kuwawa kwa kukhala mlendo. Ankakalipa kwambiri, koma ndandanda wa mashifiti ankaulemba mwachilungamo, ndipo Lamulungu ankayesetsa kundisiyira. Mashifiti anali a maola khumi ndi awiri, nthawi zambiri tili operewera, moti munthu unkaweruka osakumbuka ngati wamwa madzi.

Chimene chinkandiimika chinali Lamulungulo. Amalawi a kuno, a ku Coventry ndi a ku Wolverhampton tinkabwereka tchalitchi cha azungu iwo akaweruka, n'kumapemphera masana, Chichewa cha ku Kasungu, cha ku Thyolo ndi Chinyanja cha ku Chipata zonse m'nyimbo imodzi. Kumeneko anandisankha kukhala mkulu wa mpingo. Musaone ngati chinali chinthu chaching'ono. Masiku asanu ndi limodzi ndinali Len wonyamula mabeseni a mikodzo, koma tsiku lachisanu ndi chiwiri ndinali a Gwaza, ndinkavala jekete, kukhala kutsogolo ndi kugawa Mgonero. Mpando umenewo ndinkaukonda, ndipo sindichita manyazi kunena.

Panali chinthu chimodzi chimene sindinaulule pondisankha. Ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri malume anga ananditengera kudambwe, kumanda kuja kumene amuna a gule wamkulu amasonkhana, ndipo ndinalowa gule monga anzanga onse a m'mudzi mwathu. Ndinabatizidwa ndili kusekondale. Atandifunsa ngati ndinalowako ndinakana, chifukwa cha mantha a chibwana, ndipo bodza limenelo ndinakula nalo mpaka linamera imvi. Mpingo wathu suseka ndi nkhani ya gule. Ndinkadziuza kuti zimenezo ndinazisiya kutsidya kwa nyanja zikuluzikulu, sizinganditsate.

Zinanditsata kudzera pa bedi la pafupi ndi zenera. Panagona bambo wina wokalamba wothyoka fupa la m'chiuno, dzina lake a Harold, amene kale anali ndi sitolo ya zitsulo. Atamva kuti ndine wa ku Malawi anandigwira dzanja n'kunena kuti muli bwanji, misozi ikulengeza m'maso. Anabadwira ku Dowa kwathu komwe, pomwe bambo awo anali wapolisi wa atsamunda, ndipo anachokako ali mwana wamng'ono. Chichewa chawo chinathera pa moni yemweyo. Potuluka m'chipatala anandiuza kuti ndikawapeze ku kalabu yawo, ndipo ine ndinavomera monga mmene timavomerera zonena za odwala, osaganiza kuti adzakumbuka.

2005, kalabu

Anakumbuka. Kalabuyo inali ya ntchito zothandiza anthu a m'dera, ndipo inkakumana Lachitatu madzulo m'chipinda chapamwamba cha holo ina yakale ku Smethwick. Ntchito yake inali yabwino ndithu. Anali ndi minibasi yotengera okalamba kokagula zinthu, ankapenta nyumba za anthu osowa wowathandiza, ndipo pa Khirisimasi ankagawa maphukusi a chakudya. Koma anthu ake ankatha ngati mano a nkhalamba. Ambiri anali amuna achizungu opuma pa ntchito za m'mafakitale amene anatsekedwa kalekale, pomwe msewu wa kunja kwa zenera lawo unali utadzaza Amwenye, a ku Jamaica, a ku Somalia ndi ife. Ku likulu lawo kunachokera kalata yoti kalabu iliyonse izifanana ndi dera lake, ilandire akazi ndi anthu a mitundu ina. Motero anayamba atenga mayi wina mphunzitsi dzina lake Sandra, patapita chaka n'kutenga ine. Ankatimeza mmodzimmodzi ngati mankhwala owawa.

Pa chithunzi chilichonse ankandiika pakati. Ndikachedwa kuweruka ku shifiti wojambula ankadikira, ndipo sikuti ankadikira nzeru zanga. Anakhazikitsa komiti yoona zoti anthu a mitundu yonse azimva kuti kalabu ndi yawo, ndipo mu komitimo tinalimo awiri, ine ndi Sandra. Kutanthauza kuti osiyanafe anatipatsa ntchito yokambirana kusiyana kwathu patokha, eni kalabu akumwa tiyi m'chipinda china. Ndinkafika kumeneko miyendo itatupa, n'kumafunsidwa ngati kwathu kuli mikango, n'kumayankha mwaulemu. Chimene chinkandisunga m'kalabumo chinali minibasi ya Loweruka. Agogo a ku Smethwick akakwera sankafunsa za mikango, ankangofuna munthu wowanyamulira thumba la mbatata mpaka kukhitchini, ndipo ena ankayamba kundidikira pazenera. Sandra naye, ngakhale ankakonda mapepala ndi misonkhano kuposa chakudya, anali munthu wa mtima wowongoka. Amuna aja anamuvutitsa zaka zambiri asanamulole kulowa, ndipo atalowa ena ankamutumabe kukaphika tiyi.

2006, phwando

Pakona ya chipinda chathu panali kabati yagalasi yokhala ndi zikho ndi timbendera, ndipo shelefu yapansi inali yophimbidwa ndi nsalu yobiriwira. Sindinafunsepo. Chaka chimenecho ndinapezeka koyamba pa phwando lolonga wapampando watsopano. Titadya, anthu anayamba kumenya matebulo ndi masipuni n'kumaitana dzina loti Charlie. Mwambo wawo unali woti wapampando watsopano avale Charlie kumaso, azungulire tebulo kamodzi akuvina. A Harold anadzuka ndi ndodo yawo, anatsegula kabati ija ndi kiyi wa m'thumba mwawo, n'kuchotsa nsalu.

Chinali chigoba cha gule wamkulu. Nkhope yofiira psu, mphuno yaitali yosongoka, tsitsi la khonje lopesedwa kumbali. Dzina lake ndikulidziwa koma sindilemba pano. Ndingokuuzani kuti ndi chilombo chija chimene makolo athu ankaseka nacho mzungu wopsa ndi dzuwa, woyenda monyang'wa akukalipira anthu. Ndiye taganizani, amuna awa anakhala zaka zonsezo akuvina chitonzo chawo chomwe osadziwa. Ndikanatha kuseka, koma thupi linakana. Kwathu sitinena n'komwe kuti chilombo chimavalidwa ndi munthu. Chimatuluka kumanda, akazi ndi ana n'kupatuka, ndipo chikatha kuvina chimabwerera kumanda. Apa chinali pankhope pa bambo wonenepa wotuluka thukuta, botolo la mowa lili m'manja, akuwomba mipando.

A Harold anawerama kukhutu kwanga monyadira. "Cha kwanu ichi, Len. Bambo anga anachitenga ku Dowa." Anafotokoza kuti amishoni atadandaula, bambo awo anapita ndi asilikali kumanda ena, anatentha zimene anapeza, ichi chokha n'kuchisunga chifukwa chinawaseketsa. M'kati mwake munalembedwa ndi inki mawu oti Dowa. Ine ndinachita luso langa la ku Tipton, ndinamwetulira. Ndinaombanso m'manja pamodzi ndi anzanga, ndipo chimenecho ndi chimene chimandichititsa manyazi mpaka lero. Ndinadziuza kuti ndine Mkhristu, chimenechi ndi mtengo wosema chabe, sichikundikhudza. Koma chaka chonse chotsatira ndinkasankha mpando wofulatira kabatiyo.

2007, chaka cha chisankho

Ku likulu kunachokeranso kalata. Inati makalabu anzathu a ku Canada ndi ku Australia ayamba kuyanjana ndi eni nthaka amene analandidwa malo ndi zinthu zawo, choncho kalabu iliyonse ifufuze m'nyumba mwake. Sandra anafufuza n'kupeza Charlie. Pasanathe mwezi anali atakonza zonse, osandifunsa, pofuna kundidzidzimutsa ndi nkhani yabwino. Kudzakhala tsiku la chiyanjano mu holo, amayi a kumpingo kwathu adzaimba, ana a Amalawi adzapatsidwa mwayi woyesa chigobacho kumaso kuti adziwe chikhalidwe chawo, kenako mtsikana mmodzi adzachinyamula pa pilo kupita nacho ku laibulale kukachiika m'galasi. Mtsikanayo unali iwe Tamanda, chifukwa Sandra ankaphunzitsa kusukulu kwanu. Unabwera kunyumba ukudumphadumpha, uli ndi zaka khumi ndi zisanu, ndipo nditati dikira kaye unandiyankha kuti, "But Dad, it's our culture."

A Harold anakana. Anati sangapereke Charlie ku laibulale kapena kwa akazembe a dziko la Malawi, angapereke kwa mwini wake yekha, ndipo eni ake anamwalira kale. Iwo ankaona ngati atseka nkhani. Kalabu inagawikana, ndipo anagwirizana kuti Lachitatu lotsatira adzavote. Ine ndinaona njira ziwiri zonse zoipa. Akapambana a Harold, chilombo chipitiriza kuvinidwa ndi anthu oledzera. Akapambana Sandra, mwana wanga wamkazi achinyamula dzuwa likuswa mtengo, ana anzake akuchiyesa kumaso. Musandifunse ngati ndinkakhulupirira kuti chikanakuchita kanthu. Ndine namwino, ndine Mkhristu, ndipo sindikudziwa. Chimene ndinkadziwa n'choti sindikanatha kuima n'kumaonerera. Njira yachitatu inalipo, koma inkadzera pakamwa panga, ndipo ndinkadziwa mtengo wake.

Sabata imeneyo sisita Bernadette anandipeza m'chipinda cha mankhwala nditangoima. Sanafunse zambiri. Anangoti anthu a kwawo nawonso anamwetulira zaka zambiri m'dziko lino mpaka nsagwada zinawawa, ndipo munthu akatopa ndi kumwetulira amaloledwa kusiya. Kenako anandikalipira kuti bedi lachinayi likundidikira.

Lachiwiri m'mawa, inu mutapita kusukulu, ndinawapeza mayi anu akusita yunifolomu yanga. Ndinayamba ndi kuzungulira, kuti pali nkhani yakale imene sindinawauze.

"Ya kudambwe?" anatero osakweza mutu. "Ndinaidziwa tisanakwatirane. Tsiku lija zilombo zinatipeza panjira ya kumsika, tonse tinathawira m'chimanga. Inu munangopatuka pang'ono n'kuyang'ana pansi."

"Nanga bwanji simunandifunse zaka zonsezi?"

"Munali musanatope nayo, bambo a Tamanda." Anatembenuza malaya. "Mpando akulandani, mukudziwa?"

Ndinati ndikudziwa. Iwo anati ndiye ndisadzalire pamaso pa anthu, ndidzalirire kunyumba.

Lachitatu, asanavote, ndinaimirira. Ndinati eni ake a chinthucho sanamwalire onse, ndipo mmodzi wa iwo ndi amene akhala akumuika pakati pa zithunzi zawo. Ndinawauza kuti ndinalowa gule, kuti chimene amachitcha Charlie si chidole, sichigwiridwa ndi mkazi, mwana, ngakhale mwamuna amene sanalowe, ndipo malo ake si m'galasi koma kumanda, kumene chidzathe ndi chiswe nthawi yake ikakwana. A Harold anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Chidzawola, Len?"

"Chidzawola, bambo."

"Bambo anga anachisunga bwino zaka zonsezi."

"Anachisunga, koma sanachipemphe."

Anapisa m'thumba n'kuika kiyi patebulo. Voti sinachitikenso. Ndinali nditabwera ndi nsalu yakuda yogula ku Cape Hill, ndipo ndinapempha kuti anthu atuluke ndichikulunge ndekha. Apa ndi pamene Sandra anaima, nkhope itafiira. "Len, ndinalimbana zaka zambiri kuti ndilowe m'chipinda chino. Lero iweyo ukunditulutsa chifukwa ndine mkazi?" Funso lake linali lolunjika, ndipo yankho losalala ndinalibe, mpaka pano ndilibe. Ndinangoti sindikutulutsa akazi okha, ndikutulutsa onse, ndipo mwambowo sindinaupange ndine, koma ngati tikubweza chinthu kwa eni ake tichibweze m'njira yawo osati yathu. A Harold ndiwo anayamba kudzuka ndi ndodo yawo. Amuna ena anatsatira akung'ung'udza. Sandra anatuluka komalizira, osandiyang'ana. Nditatsala ndekha, mawu a kudambwe amene ndinali ndisanawatchule kwa zaka zoposa makumi atatu anabwera okha pakamwa.

Tsiku la chiyanjano linalephereka, ndipo iwe Tamanda unasiya kundilankhula. Sandra, mkwiyo utatsika, analemba nkhani yonse m'kapepala ka nkhani za kalabu pofuna kundiyamikira, ndi chithunzi changa chomwe. Mkazi wa membala wina ankagwira ntchito ndi mayi wa kumpingo kwathu. Sipanathe masabata awiri nkhani isanafike kumpingo.

Akulu anzanga anandiitanira m'kachipinda ka kuseri kwa guwa. Wolankhula anali a Kachingwe, mlembi wa mpingo, munthu wa ku Lilongwe kumudzi amene ankagwira ntchito ku Coventry, ndipo tinali titadyera limodzi kambirimbiri. Sanandilankhule mwachipongwe. Anati zolowa gule ndili mwana akanazikhululuka, ngakhale bodza la paubatizo akanalikhululuka ndikalapa, koma ndaima pamaso pa azungu n'kudzitcha mwini wa chilombo, ndipo pano chili m'nyumba mwa mkulu wa mpingo. Anandipatsa njira yotulukira. Ndibwere nacho Loweruka, tichitenthe pamaso pa akulu onse, nkhani ithere pomwepo, mpando ukhalebe wanga.

Ndisakunamizeni, ndinaiganizira. Linali khomo lotseguka, ndipo ndinali wotopa. Koma ndinakumbukira wapolisi uja ndi moto wake kumanda, ndipo ndinati si changa kuti ndichitenthe, ndangotumidwa kukachitula.

"Mapanga awiri avumbwitsa, akulu," anatero a Kachingwe.

Ndinati ndavumbwa kale. Lamulungu lotsatira analengeza kuti ndachotsedwa pa ukulu ndipo ndaimitsidwa pa Mgonero kwa kanthawi. Ndinasunga malangizo a mayi anu, ndinakalirira kunyumba.

2008, Dowa

Chilombo chija ndinachitengera m'sutikesi, pakati pa malaya. Kwathu ndinafikira kwa achimwene anga a Binisoni, mlimi wa fodya amene sanasiyepo gule, ndipo chibatizidwire changa tinkangopatsana moni wa pamaliro. Ndinawatsatira kudimba m'mawa n'kuwapatsa phukusi lija. Analipapasa, anatsegula kakona kamodzi, kenako anayamba kuseka mpaka kutsokomola. Anafunsa ngati azunguwo ankavinadi chimenechi, ndipo nditavomera anakhala pansi pa mzere kuti aseke bwino. Atatha anapukuta maso, anachikulunganso mosamala, ndipo nkhope yawo inasintha.

Mudzi weniweni umene chinalandidwa palibe ankaudziwa. Achimwene anayenda masiku atatu kufunsa amuna akuluakulu a midzi yozungulira, ndipo anagwirizana kuti chilandiridwe kumanda a kwathu m'malo mwa onse. Tsiku lokachitula ndinawaperekeza mpaka pamene njira imapatukira kumsitu wa manda, ndipo ndinaima.

"Sufika?" anafunsa achimwene.

"Ndithera pano, achimwene."

Anandiyang'ana kuyambira kunsapato. "Chabwino. Wachokera kutali, wafika." Analowa mumsitu, ine ndinabwerera ndekha. Madzulo ake tinadyera mbale imodzi koyamba m'zaka zambiri.

Nditabwerera ku Smethwick, Sandra anafunsa chithunzi choti aike mu lipoti la ku likulu. Ndinati kulibe. Anafunsa ngati kunali mwambo, zolankhula, kapena kalata yothokoza. Ndinati kunalibe, kunali amuna awiri panjira ndi phukusi. Anapumira m'mwamba n'kulemba mizere itatu, ndipo makalabu ena amene anali ndi zithunzi zokongola ndiwo anatamandidwa. Mamembala awiri anachoka poti phwando lopanda Charlie si phwando. Komiti yathu ya anthu awiri inapitirira, ndipo nkhani ya kumutulutsa m'chipinda ija tinakangana nayo mpaka pamene ndinasiya kalabu, iye osandigonjera, ine osamugonjetsa. Minibasi ndinaiyendetsabe Loweruka lililonse limene ndinalibe shifiti.

2009

A Harold anamwalira kumayambiriro kwa chaka. Ndinkawayendera kunyumba, ndipo nthawi iliyonse ankafunsa ngati chawola. Ndinkayankha kuti mvula ya ku Dowa sichedwa, iwo n'kugwedeza mutu ngati munthu amene walandira uthenga wa m'bale wake.

Chakumapeto kwa chakacho, Loweruka lina masana, ndinaona galimoto ya a Kachingwe itaima pakhomo, iwo ali momwemo osatsika. Patapita nthawi anagogoda. Bambo awo anali atamwalira kumudzi, ndipo anali munthu wa gule, chinthu chimene a Kachingwe sanatiuzepo. Achibale anawatumizira uthenga woti maliro ali m'manja mwa zilombo, mwana wachikhristu wa ku England akhoza kubwera kudzalira pakhomo koma kumanda sakafika. A Kachingwe anakhala pa mpando chipewa chili pabondo, osadziwa poyambira.

"Akulu, ndikufuna kukaika bambo anga," anatero. "Achimwene anu aja sangandithandize?"

Mawu a mapanga awiri anafika pa lilime, ndipo ndinawameza. Ndinaimba foni kumudzi. Achimwene anakwera minibasi kuchoka ku Dowa, anakalankhula ndi eni maliro, ndipo anawayendetsa a Kachingwe mpaka pamanda, moti a Kachingwe anathira dothi pa bokosi la bambo awo ndi dzanja lawo. Pobwera anandibweretsera thumba la mtedza. Nkhani ya mpando wanga sanaidzutse pa msonkhano wa akulu, chifukwa kuidzutsa kukanafuna kuti afotokoze za ulendo wawo, ndipo ine sindinawapemphe. Ndinkadziwa kulemera kwa katundu amene anasenza, popeza ndinausenzapo.

Ku Mgonero anandibwezera. Ku ukulu ayi, ndipo zaka zapita. Ndimakhala kumbuyo pafupi ndi chotenthetsera m'nyumba, kumene mawondo anga amakukonda. Mbale ya Mgonero ikafika pa mzere wathu, kawirikawiri amabwera nayo ndi a Kachingwe, ndipo amaigwira ndi manja awiri n'kuima pamaso panga kanthawi kotalikirapo kuposa pa ena. Sitinakambepo za zimenezi.

Tamanda, pilo uja sunaunyamule, ndipo unandikwiyira mwezi wathunthu poti ndinakuchititsa manyazi kwa aphunzitsi ako. Unandifunsa chifukwa, ine ndinangomwetulira monga mwa luso langa. Chifukwa chake ndi chimenechi. Mpando wakutsogolo uja ndinausinthanitsa ndi manja ako, ndipo atandifunsanso lero ndingausinthanitsenso. Koma usaganize kuti ndinauiwala. Lamulungu lililonse, nyimbo yoyamba isanayambe, ndimauyang'anabe.